Madzi Okana Kuundana m'Mitambo ya ku Arctic ndi Antarctica

Pakati penipeni pa chilumba cha Greenland pali malo ofufuzira zanyengo otchedwa Summit Station. Malowa ali pamwamba pa chimulu cha madzi oundana, mamita oposa 3,200 kuchokera pamene nyanja imalekezera, ndipo kumazizira moti chipale chofewa chikagwa nthawi zambiri sichisungunuka ngakhale m'miyezi yawo yofunda. Koma pa 11 Julayi 2012 zipangizo zoyezera kutentha zinadutsa pa ziro, chipale n'kuyamba kunyowa. Pofika tsiku lotsatira, masetilaiti anaonetsa kuti pafupifupi 97 peresenti ya pamwamba pa chimulu chonsecho panali pakusungunuka. Ayezi wakale amene akatswiri amakumba pansi pa Summit amasonyeza kuti chaka cha 2012 chisanafike, zoterezi zinachitikako komaliza mu 1889.

Mpweya wofunda wochokera kum'mwera unali utafika, zimenezo palibe anatsutsa. Koma gulu la asayansi lotsogoleredwa ndi Ralf Bennartz litawerengera bwinobwino, linalemba m'magazini ya Nature mu 2013 kuti pa Summit mpweya wofundawo pawokha sukanakwanitsa. Chimene chinamaliza ntchito chinali kamtambo kotsika kokhala ndi timadontho ta madzi. Kanali kopyapyala moti dzuwa linkadutsa n'kufika pansi, komabe kanali ndi madzi okwanira kubweza kutentha kumene ayezi ankatulutsa. Kakanachindikala pang'ono kakanatchinga dzuwa. Kukanakhala kopanda mtambo, kutenthako kukanathawira kumwamba.

Mitambo yokhala ndi madzi ngati imeneyi si yachilendo kumeneko. Ku Arctic, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ndi ku Antarctica, kum'mwera kwenikweni, mitambo yambiri imanyamula madzi ndi ayezi pamodzi ngakhale mpweya utazizira kufika madigiri 20 kapena 30 pansi pa ziro.

Kusukulu mwana amaphunzira kuti madzi amaundana pa madigiri 0. Mphunzitsi sanama, kungoti amanena za madzi a m'ndowa kapena a padziwe, omwe sasowa kachitsotso. Kuti ayezi ayambike, tizigawo ting'onoting'ono ta madzi timayenera kundanda mwa dongosolo lake, ndipo timafuna poyambira, kanthu kolimba kamene kamangidwe kake kakufananako ndi ka ayezi. M'ndowa, malo amodzi akangoyamba, madzi onse amatsatira. Mumtambo madzi anagawikana m'timadontho tosawerengeka, kalikonse kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo kadontho kalikonse kamafuna poyambira pakepake. Kadontho kopanda kachitsotso koyenera kamakhalabe madzi mpaka kuzizira kutafika cha m'ma -38°C. Apo pokha m'pamene kamagonja n'kuundana kokha.

Daniel Gabriel Fahrenheit, amene dzina lake linatsalira pa zipangizo zoyezera kutentha, analemba za khalidwe limeneli la madzi mu 1724. Amene ali ndi firiza mwina anazionapo: botolo la madzi oyera likutuluka lili lamadzimadzi, kungoligogoda pathebulo, madzi onse n'kusanduka ayezi maso akuona. Oyendetsa ndege ndiwo amazidziwa moopsa, chifukwa ndege ikalowa mumtambo wa timadontho tozizira chonchi, timaundana pomwe tagunda phiko. Pa 31 Okutobala 1994 ndege ya mtundu wa ATR 72 inagwa ku Roselawn, m'chigawo cha Indiana ku America, ayezi ataunjikana pamapiko ake, ndipo anthu onse 68 amene anali momwemo anafa.

Tizitsotso toyambitsa ayezi timasowa kwambiri mumlengalenga. Mpweya uli ndi tinthu tambirimbiri, monga mchere wa m'nyanja ndi utsi, timene nthunzi imagwirapo n'kupanga timadontho. Koma toti n'kuundanitsa kadontho ndi towerengeka, mwina kamodzi pa tinthu 100,000. Fumbi la m'chipululu ndi lotchuka pa ntchitoyi, makamaka lochokera ku mwala wa feldspar, monga anasonyezera akatswiri a pa yunivesite ya Leeds mu 2013. Zamoyo nazo zili ndi gawo. Bakiteriya wina wokhala pamasamba a zomera, Pseudomonas syringae, amaundanitsa madzi kuzizira kutangofika cha m'ma -2°C. Kumalekezero a dziko zipululu za mchenga ndi nkhalango zili kutali, choncho mitambo ya kumeneko nthawi zambiri imasowa choiyambitsira ayezi.

Ayezi akangopezeka mumtambo, mtendere umatha. Nthunzi imamatirira mosavuta pa ayezi kusiyana ndi pa madzi, moti mpweya womwewo umene uli wouma pang'ono kwa kadontho ka madzi, kwa kachidutswa ka ayezi umakhala wonyowa mopitirira. Ayezi amakoka nthunzi n'kumakula. Mpweya ukauma, timadontho timaphwera kubwezera nthunzi yatengedwayo, ayezi n'kutenganso. Kusiyana kumeneku kumafika pachimake cha m'ma -12°C. Kachidutswa kamodzi ka ayezi kamatha kudya timadontho tambirimbiri osatikhudza n'komwe, kenako kamalemera n'kugwa.

Woyamba kufotokoza ganizoli, mu 1911, anali Alfred Wegener wa ku Germany, yemwe ambiri amamudziwa chifukwa chonena kuti makontinenti amasuntha, ndipo anafera pa ayezi wa ku Greenland mu 1930. Amene anaziona ndi maso anali Tor Bergeron wa ku Sweden. Mu 1922, ali pa kaphiri kena pafupi ndi Oslo, ankakonda kuyenda m'kanjira kodutsa m'nkhalango. Anaona kuti kukazizira kwambiri pansi pa ziro, chifunga sichinkafika pansi m'kanjirako, pakati pa mitengo pankakhala poyera. Kukafunda, chifunga chinkadzaza paliponse. Chisanu chomata panthambi ndi chimene chinkayamwa chifungacho. Walter Findeisen anadzawonjezera ntchitoyi mu 1938, n'chifukwa chake mabuku amatchula mayina atatu onsewa pamodzi. Mu 1946 Vincent Schaefer wa kampani ya General Electric anasonyeza mmene mtambo umasandukira ayezi mofulumira. Anauzira mpweya mufiriza n'kupanga kamtambo, ataponyamo kachidutswa ka carbon dioxide woundana, kamtamboko kanasanduka tizidutswa ta ayezi tonyezimira. Mu Novembala chaka chomwecho anachita zomwezo ali m'ndege pamwamba pa mtambo weniweni ku Massachusetts, chipale chofewa n'kuyamba kugwa.

Zimenezi sizichitika kumayiko ozizira okha. Mvula yambiri yogwa pamtunda, kuphatikizapo ya mabingu ya mu Disembala ndi Januwale ku Malawi ndi ku Zambia, imayamba ngati ayezi pamwamba pa mtambo n'kusungunukira m'njira. Matalala amene amang'amba fodya ndi chimanga ndi ayezi amene anakula pogundana ndi timadontho tozizira totere mpaka analephera kusungunuka asanafike pansi.

Potsatira malamulo amenewa, mtambo wosakaniza madzi ndi ayezi suyenera kukhalitsa. M'maola ochepa ayezi amayenera kumaliza madzi onse. Kwa zaka zambiri mapulogalamu a kompyuta oyerekezera nyengo ankachita zomwezo: kukangozizira, ankasandutsa mitambo ya ku Arctic kukhala ya ayezi yekhayekha. Panafunika anthu okakhala pansi pa mitamboyo chaka chathunthu kuti cholakwikacho chionekere.

Mu Okutobala 1997 sitima yoswa ayezi ya ku Canada, Des Groseilliers, inalowetsedwa dala pakati pa ayezi wa m'nyanja ya Beaufort, kumpoto kwa Alaska, n'kuisiya kuti igwidwe. Inayandama limodzi ndi ayeziyo mpaka Okutobala 1998 pa kafukufuku wotchedwa SHEBA. Zipangizo ziwiri zinkayang'ana kumwamba usana ndi usiku. Radar imaona bwino tizidutswa tikulutikulu ta ayezi. Lidar imaponya kuwala kwa laser, ndipo kuwalako kukagunda timadontho tambiri tating'ono kumabwerera mwamphamvu osapitirira. Ataphatikiza zimene ziwirizi zinaona, Matthew Shupe ndi anzake anapeza kuti mitambo yosakaniza inalipo pafupifupi 41 peresenti ya nthawi yonse, yambiri pa kuzizira kwa pakati pa -25°C ndi -5°C. Mtambo umodzi unkakhala maola pafupifupi 12, koma ina inkatha masiku angapo, chipale chikugwa osalekeza, madzi osatha.

Kamangidwe kake n'kozondoka. Munthu angayembekezere madzi kukhala pansi pofunda, ayezi pamwamba pozizira. Koma madzi amakhala pamwamba penipeni, pamalo ozizira kwambiri a mtambowo, m'kagawo kopyapyala, ndipo ayezi amabadwira m'kagawo kameneko n'kumayoyokera pansi.

Chimene chimasunga mtambowu chili pamutu pake. Timadontho ta madzi timatulutsa kutentha kwambiri kupita kuthambo, motero mpweya wa pamutu pa mtambo umazizira msanga. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsika, wina wapansi n'kukwera kudzatenga malo ake. Mpweya ukamakwera umafutukuka n'kuzizira, nthunzi yake n'kusanduka timadontho tatsopano. Malinga ngati ukukwera mofulumira mokwanira, timadontho timabadwa msanga kuposa mmene ayezi akutidyera. Madzi ndi amene amayambitsa kuvundukana kwa mpweya, kuvundukanako n'kumabala madzi ena. Ayezi naye amadzifoola yekha. Akakula amagwa, ndipo amapita ndi tizitsotso timene tinamuyambitsa, mtambo n'kutsala woyera kuposa poyamba. Ndiye pali nkhani ya chinyontho. Kumadera ambiri a dziko, mpweya wa pamwamba pa mitambo yotsika umakhala wouma, ndipo ukalowa mumtambo umauphwetsa. Ku Arctic kawirikawiri mpweya wa pamwambawo umakhala wonyowa kuposa wapansi, chifukwa unachokera kunyanja zofunda za kum'mwera n'kuyenda pamwamba pa mpweya wozizira wolemera. Mtambo umamwa kuchokera kumwamba.

Dongosolo limeneli silichedwa kusokonekera. Mphepo ikabweretsa fumbi lambiri, ayezi amachuluka, madzi n'kutha. Pakati pa -3°C ndi -8°C ayezi amathanso kudzichulukitsa yekha: kadontho kakaundana pa kachidutswa ka ayezi, tizibenthu timathothoka, kalikonse n'kuyamba kukula pakokha. John Hallett ndi Stanley Mossop anaonetsa zimenezi mu 1974. Pazithunzi za masetilaiti za nyanja ya pakati pa Svalbard ndi Norway kusinthaku kumaoneka bwino. Mphepo yozizira ikachoka pa ayezi n'kufika panyanja yosaundana, mitambo imayamba ngati mizere italiitali yothinana. Ikayenda makilomita mahandiredi angapo, chipale chitagwa chambiri, mizereyo imang'ambika n'kusiya mipata ikuluikulu.

Chifukwa chimene asayansi amawonongera ndalama zambiri pa kagawo kopyapyala ka madzika ndi kutentha. Aliyense amene anagonapo ku Dedza kapena ku Mzimba mu Juni amadziwa kuti usiku wa nyenyezi ndi umene umaluma, pomwe wa mitambo umakhala wofundirako. Mtambo ndi bulangete, koma mabulangete amasiyana. Madzi akagawikana m'timadontho tambiri tating'ono, bulangete limakhala lothithikana. Madzi omwewo akasonkhana m'tizidutswa tochepa tikulutikulu ta ayezi, limakhala lamabowo. N'chifukwa chake madzi ochepa kwambiri mumtambo amasintha kutentha kwa pansi kuposa ayezi wochuluka.

M'nyengo yozizira ya ku Arctic dzuwa silituluka kwa miyezi, choncho mtambo ulibe choti n'kutchinga, ntchito yake ndi kufunditsa basi. Zimene anayeza pa SHEBA zinasonyeza kuti m'miyezi imeneyi nyengo imakonda kukhala pa mbali ziwiri, pakati sipachedwetsa. Kumwamba kukayera, kapena kukakhala timitambo ta ayezi yekha, pansi pamataya kutentha kwambiri ndipo pamazizira koopsa. Kukabwera mtambo wokhala ndi madzi, kutayako kumatsala pang'ono kulekeratu, ndipo pamwamba pa ayezi pamafunda ndi madigiri 10 kapena kuposa. Ayezi wa panyanja amachindikala kuchokera pansi pamene kutentha kwa madzi kukuthawira kumwamba, kotero masiku a mitambo ya madzi akachuluka m'chaka, ayeziyo amakula pang'onopang'ono ndipo nyengo yofunda imamupeza ali wopyapyala. Ngakhale dzuwa litabwerera, mthunzi wa mtambo sukhala ndi phindu lalikulu pamwamba pa chipale choyera, chimene chimabweza kale kuwala kwambiri. Pa SHEBA mitambo inkafunditsa pansi pafupifupi chaka chonse, kupatula milungu yochepa ya pakati pa nyengo yofunda.

Patapita zaka zoposa 20, sitima ya ku Germany yotchedwa Polarstern inabwereza ulendo wotere pa kafukufuku wamkulu kwambiri wa MOSAiC, wotsogoleredwa ndi Markus Rex wa ku Alfred Wegener Institute. Inanyamuka ku Tromsø, ku Norway, pa 20 Sepitembala 2019 n'kubwerera ku Bremerhaven pa 12 Okutobala 2020, potsatira njira imene Fridtjof Nansen anayesa ndi sitima yake Fram kuyambira mu 1893. Pakati pa Epulo 2020 asayansi a m'sitimamo anaona mpweya wofunda ndi wonyowa ukulowa kuchokera kum'mwera. M'masiku ochepa kutentha kunakwera kuchoka cha m'ma -30°C kufika pafupi ndi ziro, ndipo mpweyawo unabwera ndi utsi wa m'mafakitale akutali. Mpweya wotere subweretsa kufunda kokha. Umabweretsanso chinyontho chopangira mitambo ndi tizitsotso tosintha mitamboyo.

Kum'mwera nkhani ndi ina. Nyanja ya Southern Ocean, yozungulira Antarctica, ili pansi pa mitambo pafupifupi nthawi zonse, ndipo mpweya wake ndi umodzi mwa mipweya yoyera kwambiri padziko, poti mtunda wotulutsa fumbi ndi wochepa. Tizitsotso toyambitsa ayezi n'tosowa kuposa kumpoto, choncho mitambo imasunga madzi ambiri. Pansi pake si pa chipale choyera koma panyanja yakuda imene imameza dzuwa, ndiye apa mthunzi wa mtambo ndi wofunika zedi. Kwa nthawi yaitali makompyuta ankaundanitsa mitambo imeneyi msanga, n'kuigwetsa ngati chipale, n'kulola dzuwa lochuluka kulowa m'nyanja, zotsatira zake nyanja ya m'kompyuta inkafunda kuposa yeniyeni. Masetilaiti a CloudSat ndi CALIPSO, oponyedwa pamodzi pa 28 Epulo 2006, wina wokhala ndi radar wina lidar, ndi amene anaonetsa kuchuluka kwa madziwo. Mu Januwale ndi Febuluwale 2018 ndege yofufuzira ya ku America inkanyamuka ku Hobart, ku Tasmania, kukalowa m'mitamboyo pa kafukufuku wa SOCRATES, ndipo inakapeza timadontho ta madzi tambiri pa kuzizira kwa pansi pa ziro.

Cholakwikachi chinali ndi mbali ina yobisika, ndipo ndi imene iyenera kudetsa nkhawa kwambiri. Dziko likamafunda, ayezi wa m'mitambo amasanduka madzi, mitamboyo imawala kwambiri n'kubweza dzuwa lochuluka, zimene zimachepetsako kufundako. Kompyuta imene yaika ayezi wambiri m'mitambo imakhala ndi wambiri woti asanduke madzi, motero imalonjeza chitetezo chachikulu. Koma ngati mitambo yeniyeni ndi yamadzi kale, chosanduka ndi chochepa. Mu 2016 Ivy Tan, Trude Storelvmo ndi Mark Zelinka analemba m'magazini ya Science kuti atakonza pulogalamu ina kuti madzi a m'mitambo yake agwirizane ndi zimene masetilaiti amaona, kufunda koyembekezeka ngati carbon dioxide atawirikiza kawiri kunakwera ndi madigiri ofika 1.3. Pa nkhani imene mayiko amakangana za theka la digiri, chimenecho si chiwerengero chaching'ono.

Pamtunda wa Antarctica weniweni, kumene siteshoni ya Vostok inayeza -89.2°C mu Julayi 1983, mitambo yambiri ndi ya ayezi, ndipo nthawi zina timiyala ta ayezi timangoyandama mumpweya kumwamba kuli koyera. Koma nakonso madzi amafika. Mu Malichi 2022 mkokomo wa mpweya wonyowa wochokera kumbali ya Australia unalowa mkati mwa kontinentiyo ndi mitambo yochindikala. Pa 18 Malichi siteshoni ya Concordia, yoyendetsedwa ndi France ndi Italy, inayeza -9.4°C, pafupifupi madigiri 40 pamwamba pa mmene kumakhalira nthawi ngati imeneyo. M'mwezi womwewo chigawo cha ayezi woyandama chotchedwa Conger chinagumuka m'mphepete mwa nyanja. Ayezi wa ku Antarctica atati asungunuke yense, nyanja ingakwere ndi mamita pafupifupi 58, wa ku Greenland mamita pafupifupi 7. Zimenezo si za mawa, koma masentimita ochepa okha ndi nkhani yaikulu kwa mizinda yotsika ya m'mphepete mwa nyanja ngati Beira ndi Quelimane.

CloudSat ndi CALIPSO anasiya ntchito mu 2023. Mu Meyi 2024 mabungwe a zamumlengalenga a ku Ulaya ndi ku Japan anaponya setilaiti ya EarthCARE, yonyamula radar ndi lidar pamodzi, ndipo radar yake imayezanso liwiro limene tizidutswa ta ayezi ndi madontho zikugwera mumtambo.

Setilaiti yatsopanoyi ikuyang'ana dera limene likusintha msanga. Akatswiri a ku Finnish Meteorological Institute anawerengera mu 2022 kuti kuyambira mu 1979, Arctic yafunda mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse. Ayezi wa panyanja akachepa, monga mu Sepitembala 2012 pamene anatsala masikweya kilomita pafupifupi 3.4 miliyoni okha, nyanja yotseguka imapereka nthunzi yambiri, mitambo yotsika ya m'miyezi yotsatira imachuluka, ndipo nyanjayo imachedwa kuundananso. Komabe kusungunuka komweko kukutsegula magwero atsopano a tizitsotso. Kumene ayezi wabwerera m'mbuyo ku Svalbard, ku Greenland ndi ku Iceland, kumatsala zigwa za matope osalala a miyala imene ayeziyo anapera. Matopewo akauma, mphepo imawaulutsa. Ofufuza atayesa fumbi la m'zigwa za ku Svalbard anapeza kuti limaundanitsa timadontho mosavuta, pa kuzizira kochepa kuposa kumene fumbi la m'zipululu zotentha limafuna, chifukwa limasakanikirana ndi zotsalira za tizamoyo.